Baldo Skurla, Wothawa Wochita Kutumidwa

Kodi anthu khumi ndi mmodzi akakutuma ulendo, iwe n'kunyamuka iwo akukuyang'ana, tinganene kuti wathawa? Funsoli lingamveke lachibwana, koma ofesi ya padoko lathu inaliyankha mwezi wa Ogasiti chaka chino cha 1887, ndipo inati inde. Amene anayankhidwa motero ndi a Baldo Skurla, mmalinyero wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, amene ambiri a inu mumawaona m'mawa uliwonse atakhala pa khoma la padoko akulumikiza zingwe za eni. Yankholo linawalanda malipiro a miyezi khumi ndi inayi, maforinti 308, ndipo linasiya m'kabuku kawo ka ntchito liwu limodzi la inki yofiira: wothawa. Kaputeni aliyense wa m'mphepete mwa nyanja ya Adriatiki akatsegula kabukuko amawerenga liwulo, n'kukatseka, n'kuwabwezera mwaulemu.

A Baldo anabadwira kumtunda kwa mudzi wathu, kumene nthaka imabereka miyala yambiri kuposa mphesa. Bambo awo anali ndi mitengo ya azitona isanu ndi inayi ndi ana aamuna anayi, ndipo masamu amenewo sanafune mphunzitsi: atatu anayenera kupita kunyanja. A Baldo anakwera chombo ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kuyambira pamenepo asenza tirigu wa ku Odesa, thonje la ku Alekisandiriya ndi malasha a ku Kadifi. Sadziwa kuwerenga, koma akayang'ana mitambo masana amakuuzani mphepo ya mawa. Zala ziwiri za kudzanja lawo lamanzere zinapindika ndi chingwe ndipo siziwongokanso. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za panyanja, masiku amene agona m'nyumba mwawo mutawaphatikiza sangakwane zaka zisanu. Akazi awo, a Jele, amanena kuti iwo anakwatiwa ndi bokosi la zovala, mwamuna amangobwera kudzaliona. Mwana wawo wachiwiri anabadwa, anadwala, n'kuikidwa m'manda bambo wake ali ku Maseye, osamuonapo nkhope.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Ndi munthu wamakani, woumira pa ndalama, ndipo akamwa vinyo amaimba moipa kwambiri. Koma m'mabuku a zombo zonse zimene anakwerapo mulibe dandaulo lililonse pa dzina lawo, kufikira ulendo wa chombo cha Marijeta.

Lamulo la panyanja limene tinalandira kwa makolo limati mmalinyero salandira malipiro ake onse kufikira ulendo utatha. Kaputeni amawasunga, n'kumangomupatsa zogulira fodya ndi sopo pa madoko. Cholinga chake n'chosabisika: munthu amene ndalama zake zili m'bokosi la kaputeni sangatsike pa doko lachilendo n'kuzimiririka. Lamulo lomwelo limatinso wochoka pa chombo chimene chili pangozi popanda chilolezo amataya zonse, ngakhale za miyezi imene anagwira mokhulupirika. Lamuloli si lopusa ayi. Chombo chikamamira aliyense n'kuyamba kusamala zake, palibe angapulumuke. Koma tili ndi lamulo linanso, lakale kuposa limeneli, losalembedwa m'buku lililonse, ndipo a Baldo anavumbwa chifukwa anaima pakati pa mapanga awiriwa.

Marijeta chinali chombo cha matanga cha anthu khumi ndi awiri, mtsogoleri wake Kaputeni Vlaho Dender. Mwezi wa Febuluwale chinachokera ku Odesa ndi tirigu, ulendo wa ku Veneziya, ndipo namondwe anachipeza pafupi ndi gombe la Italiya. Anachimenya masiku atatu. Tsiku lachinayi masana mlongoti wakutsogolo unali utathyoka, ndipo tirigu wonyowa anali atatseka mipope yotulutsira madzi. Pamenepo kaputeni anaitana onse, navula chipewa chake. Aliyense anadziwa tanthauzo lake. A Pasko, wophika wa m'chombomo, anabweretsa njere khumi ndi ziwiri za tchana, imodzi atailemba mtanda ndi mpeni, naziponya m'chipewamo. Mwambo wake ndi uwu: wotola njere ya mtandayo amasenza chowinda cha onse. Phazi lake likangoponda mtunda amavula nsapato, n'kuyenda wapansi kupita ku tchalitchi cha Amayi Maria chimene chili pafupi, osadya, osasenza katundu wina koma ndalama za kandulo. Sazengereza ngakhale tsiku limodzi, pakuti kwathu kuno timakhulupirira kuti chowinda chikagona, nyanja imabwera kudzatenga amene inawasiya.

"Ikagwera ine," anatero a Pasko atagwirira chingwe, madzi akuwatsika m'ndevu, "mudya tirigu wosaphika mpaka ndibwerere."

"Ndiye kuti tipulumuka kawiri," anayankha a Baldo. "Ku nyanja ndi ku msuzi wako."

Anthu anaseka kuseka kwa mantha kuja, kosachedwa kutha. Anapisa dzanja mmodzimmodzi, kuyambira kaputeni. A Baldo anali achisanu ndi chiwiri. Atatambasula dzanja, mtanda unali pomwepo.

"Amayi asankha bwino," anatero a Pasko. "Mapazi akowo ndi chikopa kale, nsapato umangovalira ulemu."

Kaputeni sanaseke. Anakhuthula njere zotsalazo, nayendetsanso chipewa kuti aliyense aponyemo ya kandulo. Iye mwini anaponya maforinti awiri. Kenaka anagwira a Baldo paphewa.

"Ukatiyimire tonse, Baldo. Ukanene kuti ndi Marijeta, anthu khumi ndi awiri, ndipo usaiwale dzina la munthu."

"Sindiiwala, Barba," anatero a Baldo, pakuti umo ndi mmene timaitanira akaputeni athu, ngati amalume.

M'mawa mwake chombo chinatitimira mumchenga pagombe, koma sichinasweke. Onse anatsika amoyo, madzi akulekeza m'chifuwa. A Baldo anakhala pa mwala, namasula nsapato zawo, napatsa a Pasko kuti asunge. Msodzi wa kumeneko anawalozera ndi dzanja kumapiri, kumene kunali tchalitchi, ulendo wa tsiku limodzi ndi theka. Kaputeni anali ataima pafupi, akuwerenga matumba oyamba amene anthu ankatulutsa m'chombo. Anatukula maso, naona mapazi opanda nsapatowo, nalemba chizindikiro cha mtanda pachifuwa pake, n'kubwerera ku matumba ake. A Baldo sanapemphe chilolezo. Maganizo amenewo sanawafikire n'komwe. Munthu amene wakutuma dzulo, wakupatsa ndi ndalama yake yomwe, umakamupemphanso chiyani?

Za ulendowo sakonda kukamba. Amangoti njira inali ya miyala yakuthwa, ndipo wansembe wa kumapiriko sanamve chinenero chawo koma anamva mapazi awo. Anayatsa kandulo, natchula mayina khumi ndi awiri mokweza, kuyambira la kaputeni. Pobwerera anamanga mapazi ndi nsanza za malaya awo. Anafika pagombe tsiku lachitatu dzuwa litapendeka, mumtima mwawo muli mbee, ngati munthu amene watula mtolo wa mudzi wonse.

Chimene sanadziwe n'chakuti tsiku lachiwiri kunabwera munthu wa kampani ya inshuwalansi, kudzaona tirigu amene anaonongeka. Theka la katundu linali litawola. Munthuyo anafuna kudziwa chifukwa chake kutsitsa kunachedwa, ndiponso chifukwa chake mndandanda unali ndi mayina khumi ndi awiri pamene iye ankaona anthu khumi ndi mmodzi. Kaputeni akanati, "Ndinamutuma kukayatsa kandulo," kampani ikanati katundu anaonongeka chifukwa cha kusasamala kwa kaputeni, n'kukana kulipira. Choncho kaputeni analemba m'buku la chombo kuti Skurla anachoka popanda chilolezo. Sanauze aliyense. A Baldo anagwirabe ntchito masabata ena asanu, akukumba mchenga ndi kukoka zingwe mapazi ali zilonda, mpaka Marijeta anayandamanso.

Anamva nkhaniyi mwezi wa Epulo, pa tebulo lolandirira malipiro m'nyumba ya eni chombo. Kalaliki ankaitana mayina, munthu n'kulandira zake, n'kudinda chala. Atafika pa a Baldo anatsegula kabuku kawo, nakatembenuza kuti aone.

"Inu palibe chanu, a Skurla."

"Palibe bwanji? Miyezi khumi ndi inayi, maforinti makumi awiri ndi awiri pamwezi. Kuwerenga zilembo sindidziwa, koma ndalama ndimawerenga."

"Apa palembedwa kuti munathawa chombo chili pangozi."

"Ndinathawira kuti, poti ndine ndaima pano? Wothawa amabwera yekha kudzalandira malipiro?"

"Ine ndimangowerenga zolembedwa, bambo. Wotsatira."

A Baldo anacheuka kuyang'ana anzawo. Ena anali kuwerenga ndalama zawo kachiwiri, ena anapeza chinthu chochititsa chidwi pa denga.

Kunyumba a Jele anamvetsera nkhani yonse osawadula, manja ali mu ufa. Nyengo yonse yozizira anali atadyetsa ana ndi ufa wa ngongole, akuuza mwini sitolo kuti Marijeta akubwera.

"Ndiye mukuti, bambo a Nike," anatero pomaliza, "Amayi Maria analandira kandulo yawo, kaputeni analandira chombo chake, eni chombo analandira za inshuwalansi. Ine ndalandira mapazi oti ndiziwathira mafuta."

"Usanyoze, Jele. Tinapulumuka tonse."

"Sindikunyoza. Ndikungowerenga amene adya ndi amene atsuka mbale. Pitani kwa Barba wanuyo mukamuyang'ane m'maso."

Anapitadi. Anapeza kaputeni m'munda mwake akudulira mpesa. Kaputeni sanakane kanthu. Anawapatsa mpando, nawathirira vinyo.

"Ndikudziwa chimene ndinachita, Baldo. Ndikasintha bukulo lero, kampani itenganso ndalama zake, eni chombo andichotsa, ndipo mwina ndikalowa m'ndende chifukwa cholemba bodza. Ndili ndi ana asanu. Tenga maforinti makumi asanu ndi limodzi awa, ndi a m'thumba mwanga. Nkhaniyi ithere pano."

"Nanga kabuku kanga, Barba?"

"Anthu amaiwala."

"Anthu amaiwala, inki siiwala. Dzulo ndinayenda zombo zitatu kufuna ntchito. Kaputeni wina anandiuza kuti akufuna amalinyero, osati oyenda maulendo a kutchalitchi."

"Uli ndi mutu wouma ngati bisiketi ya m'chombo. Tenga ndalamazi, mkazi wako akalipire ufa."

A Baldo anayang'ana ndalamazo nthawi yaitali, ndipo amavomera okha kuti dzanja lawo linafuna kuzitola. Maforinti makumi asanu ndi limodzi akanatseka pakamwa pa mwini sitolo mpaka nyengo yokolola azitona. Koma anaona kuti akazitola ndiye kuti avomera kuti anathawadi, ndipo agulitsa zaka makumi atatu ndi zinayi pa mtengo wa bulu wokalamba.

"Munandiuza kuti ndisaiwale dzina la munthu, Barba. Lanu ndinayamba nalo." Anaimirira, vinyo osamukhudza, n'kupita kukasuma.

Mlandu unazengedwa mu Ogasiti, m'chipinda chapamwamba cha ofesi ya padoko. Mkulu wa padoko, munthu wochokera kutali amene sanakulire pakati pathu, anali ndi buku la chombo patsogolo pake.

"A Skurla, kodi munachoka pa chombo tsiku la 19 Febuluwale?"

"Ndinachoka, bwana."

"Chombo chinali pangozi?"

"Chinali mumchenga, bwana."

"Munapempha chilolezo kwa kaputeni?"

"Chipewa chinali chawo, bwana. Anaponyamo ndi maforinti awiri."

"Sindikufunsa za chipewa. Munapempha chilolezo, inde kapena ayi?"

Munthu wochenjera akanati inde, ndipo zikanakhala mawu ake kulimbana ndi mawu a kaputeni. Koma a Baldo anali atalumbira atagwira mtanda.

"Sindinapemphe, bwana."

Kaputeni atafunsidwa anati maere anachitikadi, monga mwa mwambo wa anthu wamba, koma chowinda chilibe tsiku, chikanatha kudikira mpaka katundu atatsitsidwa. Ananena zimenezi akuyang'ana pazenera. Aliyense wa kwathu amene anali m'chipindamo anadziwa kuti si zoona, ndipo kaputeni mwini akanakana kukwera chombo ndi munthu wogoneka chowinda. Koma mkulu wa padoko sanadziwe, ndipo panalibe womuuza. Mwa amalinyero khumi, asanu ndi anayi anali atabwerera kunyanja, ambiri pa zombo za eni omwewo. Anabwera a Pasko okha.

"Munaona kaputeni akulola munthuyu kupita?"

"Ine, bwana, nthawi imeneyo ndinali... ndinkasamala miphika, isapite ndi madzi. Maso angawanso utsi unawaononga kalekale."

Pa masitepe potuluka a Jele anawadikirira.

"Achimwene a Pasko, pepani ndi maso anuwo. Koma nsapato za amuna anga munazisunga masiku atatu. Munkaziyesa miphika?"

"Mlamu, ndili ndi pakamwa pasanu ndi pawiri podyetsa."

"Ife kwathu timadya mphepo."

Chigamulo chinali chachifupi: buku la chombo ndi umboni wokwanira pokhapokha mboni ziwiri zolumbira zitalitsutsa, wodandaula wavomera yekha kuti sanapemphe chilolezo, malipiro atayika, liwu lofiira likhale.

Pano ndiyenera kutsutsa, ndipo nditsutsa mwa lamulo lomwelo. Choyamba, chilolezo si mawu okha. Kaputeni amene wachititsa maere, wapereka ndalama ya ulendo, waona munthu akunyamuka n'kumudalitsa ndi mtanda, walola ndi zochita zake, ndipo kulola kotero kumalemera kuposa kugwedeza mutu. Chachiwiri, ngati a Baldo anathawadi pa 19 Febuluwale, n'chifukwa chiyani analandiridwa pa 21, n'kugwiritsidwa ntchito masabata asanu? Munthu sangakhale wothawa pa tsiku lolandira malipiro ndi wantchito pa tsiku lokumba mchenga. Ena anditsutsa kuti manja awiri akanapulumutsa matumba ena a tirigu. Mwina n'zoona. Ngati ndi choncho, awadule malipiro a masiku atatu, osati a miyezi khumi ndi inayi. Koma chimene chikundisowetsa mtendere koposa n'chakuti buku limene likuweruza mlanduwu limalembedwa ndi mmodzi wa otsutsanawo, pamene winayo sadziwa ngakhale kuliwerenga, ndipo mboni zimene lamulo likufuna zimadya m'manja mwa wolembayo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Lamulo limene limafunsa munthu wanjala kuti asankhe pakati pa choonadi ndi chakudya cha ana ake silikufuna choonadi.

Chikhalirecho a Baldo sanakwerenso chombo. Amalumikiza zingwe ndi kupaka phula mabwato a asodzi, n'kulandira nsomba zamchere kapena timakobidi. A Jele amachapa zovala za m'nyumba za akaputeni. Nike, mwana wawo woyamba, amene ukwati wake unayenera kuchitika chaka chino, wapita kukagwira ntchito m'nyumba ya anthu kumzinda. A Baldo asiya kuimba. Chombo chikamatuluka padoko amaweramira pa chingwe chawo mpaka matanga atabisika kuseri kwa chilumba.

Sabata yatha a Pasko anawapeza pa khoma paja. Anakhala pambali pawo akufwenthera.

"Ukufuna chiyani, wophika? Kuno kulibe miphika yoti uisamale."

"Usandinyoze, Baldo, ndanyozeka kale. Chibwerere ku mlandu kuja sindinalowe m'tchalitchi. Ndikafika pakhomo miyendo imakana."

"Ndi ukalamba umenewo."

"Ndinaona zonse. Ndinaona Barba akulemba mtanda. Mtanda wa pa njere paja ndinalemba ndine, ndi mpeni wanga wosendera anyezi. Iwe unandiyimira kumapiri kuja, ine n'kulephera kukuyimira m'chipinda chokhala ndi mipando."

"Ukakachitira umboni akuchotsa ntchito."

"Andichotse. Msuzi wanga mwaunena zaka makumi awiri, mwina nyanja ipumeko."

Tsiku lotsatira a Pasko analumbira pamaso pa mlembi wa boma, nadinda chala. Lachisanu eni chombo anawauza kuti apeza wophika wina. A Baldo atamva sanakondwe. Anati tsopano nyumba zanjala zakhala ziwiri, ndipo mboni ikadali imodzi, pamene lamulo likufuna ziwiri. Apilo yawo iyenera kufika ku bwalo lalikulu la zapanyanja lisanafike tsiku la Nikola Woyera, pa 6 Disembala. Tsikulo likadutsa mlandu watsekedwa, ndipo maforinti 308 ndi dzina lawo zapita mpaka kalekale.

Amene anaponya ya kandulo m'chipewa chija ndipo sanalankhulebe ndi asanu ndi anayi. Atatu akudziwika kumene ali: a Luko Peruzo ali pa chombo cha matabwa cha ku Fiyume, a Marin Soko akudwala kwa mlongo wawo kutsidya la mtsinje, ndipo a Jozo Brbora akuyembekezeka padoko lathu mkati mwa Novembala. Enawo sitikudziwa. Ngati mmodzi wa anthuwa ndi mwamuna wanu, mwana wanu, mlamu wanu kapena mnansi wanu, muwerengereni nkhaniyi, kapena mulembereni kalata pa chombo choyamba chimene chikutuluka. Muuzeni kuti apite kwa mlembi wa boma pa doko lililonse, akanene molumbira zimene anaona pagombe lija, ndipo atumize pepalalo kwa a Jele Skurla, nyumba yachitatu kumtunda kwa chitsime, lisanafike tsiku la 6 Disembala.